Kuweta mtima wothamanga: momwe biofeedback ndi singano za acupuncture zingathandizire munthu amene anaona zoopsa

Achemwali anga anapulumuka napolo wa ku Chilobwe mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche. Nyumba yawo inatsala, ya oyandikana nawo inapita ndi eniake omwe. Patapita chaka, atasamukira kale kumalo a chidikha, mvula ikangoyamba kuwaza pa malata ankadzambatuka n'kukhala tsonga pabedi, manja ali zii ngati madzi a mumtsuko, mtima ukugunda ngati munthu wothamangitsidwa ndi galu. Ndikawakumbutsa kuti kuno kulibe phiri, ankandiyankha kuti, "Achimwene, mutuwu ukudziwa zimenezo. Kauzeni mtimawu."

Njira ziwiri zimene ndifotokoze pano ndi zouzira mtima. Munthu akaona zoopsa, kaya ngozi ya pamsewu, kugwiriridwa, nkhanza za m'banja kapena mbava za zikwanje, thupi limakhala chotchera ngati msampha ngakhale zoopsazo zitatha kalekale. Biofeedback ndi kuyeza zimene thupi likuchita, monga kugunda kwa mtima ndi kapumidwe, n'kumaziona ndi maso kuti muphunzire kuzitsitsa nokha. Acupuncture ndi njira yochokera ku China yobaya tisingano tating'ono pamalo osankhika a thupi.

Ndinenetu poyambirira pomwe kuti ziwirizi si ndiwo, ndi mchere. Mu 2013 bungwe la WHO linalimbikitsa uphungu wa mtundu wa CBT, wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, wolunjika pa zoopsazo, komanso njira yotchedwa EMDR, yokumbukira zoopsazo maso akutsatira chala cha mlangizi, kwa anthu odwala matenda a PTSD, amene ndi mantha ndi nkhawa zosatha zotsalira munthu ataona zoopsa. Malangizo a 2023 a maunduna oona za chitetezo ndi za asilikali opuma ku America akuti umboni wa acupuncture ndi neurofeedback, biofeedback yoyeza ubongo, sunakwane kuti azivomereze kapena kuzikaniza. Ntchito ya biofeedback ndi acupuncture ndi kutontholetsa thupi kuti mugoneko tulo, ndiponso kuti muthe kukhala pansi ndi mlangizi osathawa nkhani ikafika powawa.

Yambani ndi kuchipatala

Mtima wothamanga uli ndi eni ake ambiri. Malungo, kuchepa kwa magazi, chithokomiro, BP ndi shuga zonse zimatha kuuthamangitsa. Pitani kuti akakuyezeni, ndipo kumeneko mukanene zonse, maloto oipa, kudzidzimuka, kupewa msewu umene munachitirapo ngozi, kupsa mtima ndi ana popanda chifukwa. Zizindikiro zotere zikapitirira mwezi, pemphani kuonana ndi woona za matenda a m'maganizo. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi anamwino a ntchito imeneyi, ndipo kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati nkhanzazo zikuchitikabe m'nyumba mwanu, kupuma mwaluso sikungakutetezeni. Imbani 5600, kapena 116 ngati wochitiridwayo ndi mwana. Ngati mukuganiza zodzipha, siyani kuwerenga pano, uzani munthu amene muli naye pafupi ndipo mupite kuchipatala lero lomwe.

Amene mukumwa kale mankhwala a dokotala, musasiye. Koma mapiritsi ogonetsa a diazepam ogula mwamseri asiyeni. Amazoloweretsa, ndipo mantha amangowakwirira ngati moto wa mankhusu.

Pezani kope, wotchi ndi zala ziwiri

Biofeedback ya m'zipatala za kunja imakhala ndi mawaya ndi kompyuta, koma chiyambi chake muli nacho kale padzanja. Khalani pampando mphindi 5 osachita kanthu. Tembenuzani dzanja lamanzere chikhatho chiyang'ane kumwamba. Ikani chala cha mkombaphala ndi chapakati cha dzanja lamanja polumikizira dzanja ndi mkono, mbali ya chala chachikulu. Musagwiritse chala chachikulu chifukwa nacho chili ndi kugunda kwakekwake, mungasokonezeke. Mukaumva mtsempha ukudumpha, werengani kwa masekondi 30 kenako muchulukitse kawiri. Munthu wamkulu amene wangokhala, mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi.

Lembani nambalayo m'kope. Pambali pake lembani ina, ya mantha anu, kuyambira 0 mpaka 10, pomwe 0 ndi mtendere weniweni ndipo 10 ndi mantha ngati a tsiku lija. Onjezani mawu awiri atatu a zimene zinali kuchitika: "mitambo yakuda", "ndamva buleki ya minibasi", "ndangodzuka". Chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu musanayese kusintha kanthu.

Sabata imeneyi ambiri amaidumpha chifukwa imaoneka ngati yotaya nthawi. Musaidumphe. Ndi m'kope momwe achemwali anazindikira kuti mtima wawo unkayamba kukwera mvula isanagwe n'komwe, pongomva fungo la dothi lonyowa lobwera ndi mphepo. Kale ankaganiza kuti manthawo amangowagwera ngati mphezi.

Phunzirani kupuma pang'onopang'ono

Apa ndiye pagona nkhani yonse, choncho tikhalitsepo.

Gwiraninso mtsempha uja, mupume modekha, n'kutchera khutu ku zala zanu. Mudzaona kuti mukamakoka mpweya mtima umafulumirako, mukamautulutsa umachedwako. Wochedwetsayo ndi mtsempha wa vagus, wochokera ku ubongo kudutsa m'khosi mpaka ku mtima ndi m'mimba, ndipo umagwira ntchito ngati buleki. Kusinthasintha kwa kagundidwe kumeneku akatswiri amakutcha HRV. Mwa munthu wokhalira mantha nthawi zambiri kumakhala kochepa, ngati kuti buleki yafooka. Paul Lehrer wa ku yunivesite ya Rutgers ku America ndi Evgeny Vaschillo wochokera ku Russia anaonetsa kuti munthu akamapuma pafupifupi ka 6 pa mphindi, mtima ndi mpweya zimayendera limodzi ndipo kusinthasinthako kumakula kwambiri. Masiku onse timapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi, ndiye mukuona kuti ka 6 ndi kuchedwa kwenikweni.

Khalani pampando, mapazi onse pansi, msana utatsamira. Sankhani malo amene mukuona khomo. Maso musatseke ngati kutseka kumakuopsani. Yang'anani chinthu chimodzi, kaya kapu, kaya duwa la pansalu ya patebulo. Dzanja limodzi ikani pamchombo. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere, mapewa akhale chete. Tulutsani ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, milomo mutaisongola ngati mukuuzira phala la mwana. Kukoka ndi kutulutsa kumodzi kutenge masekondi 10.

Musadzaze chifuwa mpaka kuphulika. Cholakwa chofala ndi kuganiza kuti kupuma mochedwa ndi kupuma kwambiri. Mukayamba kumva chizungulire kapena dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndiye kuti mukukoka mpweya wochuluka. Chepetsani, mupume mopepuka. Ngati masekondi 10 akukubanikitsani, yambani ndi 3 pokoka ndi 4 potulutsa, mudzatalikitse pakapita masiku.

Yesani mtsempha ndi mantha musanayambe, pumani motero mphindi 5, kenako yesaninso n'kulemba. Kuona nambala yachiwiriyo ndi kumene kumasiyanitsa biofeedback ndi malangizo wamba akuti "ingopumani, zitha". Thupi limakhulupirira zimene laona. Sabata yoyamba mphindi 5 kawiri pa tsiku, yachiwiri 10, mpaka mufike pa mphindi 20 kawiri pa tsiku monga amalangizira Lehrer. Kunena zoona, mphindi 20 ndi zambiri kwa munthu wa ana ndi geni. Mphindi 10 za tsiku lililonse zimaposa 20 za Lamlungu lokha.

Chitani zimenezi nthawi imene muli bwinobwino, osadikira kuti mantha abwere. Munthu saphunzira kusambira tsiku la chigumula.

Pali anthu ena, makamaka amene anakanyangidwapo pakhosi kapena kukwiririka m'matope, amene kungoganiza za mpweya kumawabwezera komweko. Zikakuchitikirani, lekani pomwepo. Pondani pansi mwamphamvu, tchulani mokweza zinthu 5 zimene mukuona m'chipindamo, tchulani tsiku la lero ndi malo amene muli, sambani m'manja ndi madzi ozizira. Mukadzayesanso, pakhale munthu amene mumamukhulupirira, ndipo maganizo muwaike pa wotchi kapena pa kukwera ndi kutsika kwa dzanja, osati pakhosi.

Onjezani kachipangizo ngati mungathe

Chotchipa kwambiri ndi oximeter, kaja kopana chala kamene tinakadziwa nthawi ya Covid. Sikaonetsa HRV bwinobwino, koma mumaona nambala ya mtima ikutsika mukupuma, ndipo zimenezo zokha zimalimbitsa mtima. Pa foni pali mapulogalamu monga HRV4Training, imene imayeza mukaika chala pa kamera, ndi Elite HRV, imene imagwira bwino ndi lamba wa pachifuwa monga Polar H10 wolumikiza ndi Bluetooth. Kampani ya HeartMath imagulitsa kachipangizo kopana khutu kotchedwa Inner Balance. Pulogalamu ina yaulere ndi PTSD Coach, yopangidwa ndi boma la America chifukwa cha asilikali ake, ngakhale ili m'Chingerezi.

Mukakhala ndi chipangizo choonetsa mzere wa kagundidwe ka mtima, cholinga chanu ndi chakuti mzerewo uleke kukhala ngati mano a sowo, usanduke mafunde osalala okwera ndi kutsika. Yesani liwiro losiyanasiyana, mphindi 2 lililonse: ka 6.5 pa mphindi, ka 6, ka 5.5, ka 5, ka 4.5. Limene likupereka mafunde aakulu koma osakutopetsani, limenelo ndiye lanu.

Nambala zanu musaziyerekeze ndi za mnzanu, zimasiyana ndi msinkhu ndi thupi. Ndipo mukaona kuti mwayamba kudziyeza ka 30 pa tsiku, mtima uli m'mwamba kudikira nambala, kabiseni kachipangizoko kwa sabata. Kasanduka phiri lina.

Chenjezo limodzi. Kuli anthu oyenda ndi laputopu amene amakugwiritsani kachitsulo m'manja, pakapita mphindi imodzi n'kukuwerengerani matenda 20 a chiwindi, impso ndi mafupa, kenako n'kutulutsa mabotolo ogulitsa. Ena amatcha zimenezo biofeedback. Si imeneyo. Biofeedback yeniyeni siulula matenda, imangokuonetsani zimene thupi likuchita pa nthawiyo kuti muphunzire kuliwongolera.

Tsopano za singano

Achemwali atamva koyamba anafunsa ngati ndi mphini za Chitchaina. Ayi. Sacheka khungu, sapaka mankhwala, ndipo singanozo zilibe bowo ngati za jakisoni. Ndi zoonda pafupifupi ngati tsitsi. Madokotala a Chitchaina amafotokoza kuti zimatsegula njira za mphamvu ya m'thupi yotchedwa qi. Ofufuza a masiku ano amayang'ana kwambiri momwe zimakhudzira mitsempha ndi timadzi ta m'thupi tochepetsa ululu. Mu 2024 magazini ya JAMA Psychiatry inafalitsa kafukufuku wa Michael Hollifield ndi anzake pa asilikali akale 93 ku Long Beach, California. Amene analandira acupuncture yeniyeni, kawiri pa sabata mpaka maulendo 24, zizindikiro zawo za PTSD zinatsika kuposa amene ankangobayidwa pamwambamwamba pamalo ena. Ndi kafukufuku mmodzi wa anthu ochepa, koma ndi wochitidwa mosamala.

Mtundu umene ndimaukonda kwa munthu amene anaona zoopsa ndi wa m'khutu, wotchedwa NADA. Unakulira ku chipatala cha Lincoln ku South Bronx mumzinda wa New York m'zaka za m'ma 1970, pothandiza anthu ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo a heroin, ndipo bungwe la NADA linakhazikitsidwa mu 1985. Anaugwiritsanso ntchito ku New York pambuyo pa zigawenga za pa 11 Sepitembala 2001, ndi ku New Orleans namondwe wa Katrina atawononga mu 2005, pomwe panabadwira bungwe la Acupuncturists Without Borders. Amabaya malo 5 pa khutu lililonse: Shen Men, Sympathetic, ndi malo otchedwa impso, chiwindi ndi mapapo. Mayinawo asakuopseni, sakutanthauza kuti ziwalozo zikudwala. Ubwino wake ndi wakuti mumakhala pampando, simuvula chovala chilichonse, ndipo palibe amene amakufunsani kuti chinachitika n'chiyani. Kwa mayi amene anagwiriridwa, zitatu zimenezi si zazing'ono.

Kusankha wobaya ndiye ntchito yaikulu. Kuno kwathu sankhani wachipatala amene ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi ndipo anaphunzira acupuncture mwapadera. Pemphani kuona mapepala ake, si mwano. Amene muli ku South Africa fufuzani dzina lake ku Allied Health Professions Council of South Africa, ndipo a ku Britain yang'anani mamembala a British Acupuncture Council. Singano zikhale zatsopano, azitsegule m'paketi inu mukuona, akamaliza azitaye m'kabokosi ka zobaya. Singano yobwereza ingakupatseni HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, chimodzimodzi lezala la mphini. Akakuuzani kuti "tinaziwiritsa", nyamukani. Akalonjeza kuti muchira m'maulendo atatu, kapena akati musiye mankhwala a kuchipatala, nyamukaninso. Ndipo musagule singano pa intaneti kuti muzidzibaya nokha. Singano yolowa kwambiri pachifuwa kapena pamsana imatha kuboola mapapo.

Musanabayidwe muuzeni ngati muli oyembekezera, ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, ngati magazi anu amachedwa kuundana, ngati mumagwa khunyu, kapena ngati muli ndi kabatire ka mtima, chifukwa ena amalumikiza singanozo ku magetsi ofooka. Nkhani yanu yonse simukakamizidwa kuinena. Ndi zokwanira kunena kuti, "Ndinaona zoopsa. Muzindiuza musanandikhudze, musandiimire kumbuyo, ndipo ndikakweza dzanja muleke." Ngati mukufuna wobaya wamkazi, kapena kuti m'bale wanu akhale nanu m'chipindamo, nenani.

Achemwali anabayidwa koyamba ku Johannesburg, atapita kukaona mwana wawo. Anapita osadya, poganiza kuti kuli ngati koyezetsa shuga. Singano yachitatu italowa anayamba thukuta, maso kuchita mdima, mpaka anawazula singanozo n'kuwagoneka miyendo m'mwamba. Ndiye idyani kaye kanthu kopepuka ndipo mumwe madzi. Ulendo wachiwiri unayenda bwino. Akuti polowa singano imaluma ngati nyerere, kenako khutu limatentha, kenako thupi limalemera. Anakhala mphindi pafupifupi 40, nthawi ya NADA imakhala pakati pa 30 ndi 45, akupuma muja tinaphunzirira, 4 pokoka ndi 6 potulutsa. Chapakati misozi inayamba kutsika yokha popanda chimene ankaganiza. Wobayayo anangowapatsa kansalu osafunsa kanthu. Usiku umenewo anagona mpaka mdzukulu anachita kuwadzutsa.

Si onse amene zimawayendera choncho. Ena samva kusintha kulikonse, ena amatopa kapena kulota kwambiri usiku woyamba. Kadontho ka magazi kapena kufiira pang'ono si vuto. Koma khutu likatupa, kutentha ndi kutuluka mafinya, pitani kuchipatala msanga, chifukwa chichereŵechereŵe cha khutu chimavuta kupola. Musayendetse galimoto ngati mukumva tulo.

Amene singano zimawaopsa, kapena amene ali kutali ndi wobaya, angapemphe timbewu ta chomera cha vaccaria timene amamata pamalo omwewo a khutu ndi kapulasitala. Mumatisindikiza pang'ono ndi chala kangapo pa tsiku, n'kutichotsa pakapita masiku 3 mpaka 5, kapena msanga khungu likayamba kuyabwa.

Lumikizani zonse, kenako muweruze

Kope lija pitani nalo kwa mlangizi wanu. Iye ndi amene angakuthandizeni kuyandikira pang'onopang'ono zinthu zimene mumazipewa, ndipo zimenezo musaziyambe nokha ndi chinthu choopsa kwambiri. Achemwali anayamba ndi kumvetsera phokoso la mvula lojambulidwa pa foni, motsitsa, masana dzuwa likuswa mtengo, mwana wawo ali pambali. Pumani mphindi 5 musanalowe kwa mlangizi ndi mphindi 5 mukatuluka. Ngati ndalama zilola, ikani tsiku la singano pafupi ndi la uphungu. Ngati sizilola zonse ziwiri, ndalamayo ipite ku thiransipoti ya kwa mlangizi, kupuma n'kwaulere. Tiyi wambiri, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu madzulo zichepe. Mowa ndi chamba zimagonetsa msanga koma zimadzutsa pakati pa usiku ndi maloto oipa kuposa kale.

Pakatha masabata 6, tsegulani kope muyerekeze sabata yoyamba ndi yomaliza. Yang'anani maola a tulo, kuchuluka kwa maloto oipa, nambala ya mantha, ndi malo amene mwayambanso kupitako. Ngati mwabayidwa maulendo 8 kapena 10 ndipo m'kope simukuoneka kusintha, lekani singano, musamalize ndalama za feteleza. Ngati zinthu zikuipiraipira, bwererani kwa dokotala ndi kope lomwelo.

Mvula yoyamba ya chaka chatha inatipeza tili limodzi pakhonde, tikusenda mtedza. Itayamba kugogoda pa malata ndinaona manja awo aima. Anatembenuza dzanja lamanzere, zala ziwiri pamtsempha, maso pa wotchi ya pafoni. "108," anatero. Anasongola milomo n'kuyamba kuuzira phala losaoneka lija. Ine ndinapitiriza kusenda, osawayang'ana. Patapita kanthawi anati, "90. Mantha ali pa 6." Analowa m'nyumba kukalemba, ndipo potuluka anali ndi ndowa ziwiri. "Achimwene, tatcherani izi pamalatapo, madzi akungotayika."